Mlongoti wa yacht umagwa chifukwa chani? Tione za Golden Globe Race

Moni nonse abale anga, mwalandiridwanso. Lero tili pa nyanja yamchere, tikambe za ma yacht aja oyendera mathanga, makamaka chinthu chimodzi chomwe ine chimandiimitsa mutu ndikamatsatira mipikisano yozungulira dziko, kugwa kwa mlongoti.

Mu July 2018 mpikisano wozungulira dziko wa Golden Globe Race unanyamukira pa doko la Les Sables-d'Olonne ku France. Munthu mmodzi boti limodzi, osaima paliponse, osayendera GPS, maboti ake achikale osapitirira mamita 11. Analowa anthu 18, omaliza 5 okha, ndipo 5 ena milongoti yawo inagwa, Are Wiig, Abhilash Tomy, Gregor McGuckin, Loïc Lepage ndi Susie Goodall. A Tomy aja mpaka anavulala msana osatha kudzuka, anakhala chigonere m'boti masiku angapo pakati pa Indian Ocean kufikira sitima ya ku France yotchedwa Osiris inawapeza.

[Pa sikirini: chithunzi cha mlongoti ndi mawaya ake]

Ndiye taonani chithunzichi bwinobwino. Ambiri timaganiza kuti mlongoti umaima ndi mphamvu zake ngati mtengo wa m'bawa, ayi ndithu. Ndi paipi chabe ya aluminiyamu, yopyapyala, mutaisiya yokha siingapirire mphepo. Omwe amaugwira ndi mawaya awa, ina kutsogolo, ina kumbuyo, ena m'mbali, ndipo timikono iti totuluka m'mbali timatambasula waya kuti ikoke bwino. Mphepo ikadzaza thanga, waya ya mbali yomwe mphepo ikuchokera imakungika zolimba, ndiye kukoka konseko kumasanduka mphamvu yopanikiza mlongoti pansi. Tengani bango lalitali muliimike, mulisindikize pamwamba ndi chikhatho, muona limapindika pakati kenako thyoo. Mlongoti ndi chimodzimodzi, waya imodzi yapakati ikangoduka basi palibenso chougwira pamenepo, umapinda nthawi yomweyo.

Komanso mphepo siwonjezera mphamvu mwaulemu eti. Liwiro lake likachulukitsa kawiri, mphamvu yake pa thanga imachulukitsa kanayi. Anzathu a ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay mukudziwa mmene mwera umasinthira nyanja mu June ndi July, ndiye ganizirani kummwera kwa dziko komwe mafunde amayenda osakumana ndi mtunda uliwonse. Nchifukwa chake woyendetsa wanzeru amachepetsa thanga msanga mphepo isanafike poipa.

Pali china chomwe ambiri sachidziwa, katundu amene mawaya amasenza satengera mphepo yokha, amatengeranso kukanika kwa boti kupendekeka. Pansi pa yacht pali keel, chitsulo cholemera chomwe chimabweza boti likapendama. Boti lomwe limakana kwambiri kupendama limathamanga inde, koma kulimbana konseko pakati pa mphepo ndi keel kumadutsa m'mawaya omwewa. Ndiye wina anena kuti bwanji osangoika mawaya onenepa? Vuto ndi loti kulemera komwe mwaika kumwamba kumapangitsa boti kupendama msanga komanso kugwedezeka pa mafunde, apa mpomwe opanga maboti amatuluka thukuta, ampikisano amafuna zopepuka, milongoti ya carbon ndi zingwe zolimba za Dyneema, pomwe wapaulendo wautali amafuna chinthu choti chikavuta achikonze yekha ndi sipanala.

Tsopano pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Waya kawirikawiri siduka pakati, imadukira kumapeto. Waya zambiri pa ma yacht ndi za stainless steel, timawaya 19 topotana, ndipo kumapeto amaifinyira mu kachitsulo kotchedwa swage. Madzi amchere amatsetsereka ndi waya nkulowa mmenemo, nkukhala. Stainless imadziteteza ku dzimbiri ikamapeza mpweya, ikabisika malo onyowa opanda mpweya imadyeka mkati mwakachetechete kunja ikuwala ngati yatsopano. Chimodzimodzi ma chainplate, zitsulo zomwe zimamangirira mawaya ku thupi la boti, malo omwe zimadutsa padenga la boti ndi omwe maso safika ndipo ndi pomwe zimaola.

Kenako kutopa kwa chitsulo. Munathyolapo waya wa hang'ala poupinda uku ndi uku? Simumaudula ndi mphamvu, mumangobwereza mpaka utatopa. Boti likamawoloka nyanja funde lililonse limakoka nkusiya, kukoka nkusiya, usana ndi usiku miyezi 7 kapena 8. Nchifukwa chake pamapeto a waya amaika toggle, kachitsulo kolola kuti mfundo izigwedera mbali zonse mmalo mopindika. Ndipo amisiri ambiri amalangiza kusintha mawaya onse akakwana zaka 10 ngakhale akuoneka abwino, ine ndimagwirizana nazo kwathunthu, ndi ndalama zambiri zoona koma maso sangaone mng'alu uli mkati mwa swage.

Kunena chilungamo, boti likagubuduzika mlongoti nkumira m'madzi, monga zinachitikira ambiri mwa anthu 5 aja, ngakhale mawaya atsopano akhoza kugonja. Koma tamvani za amene anapambana, bambo Jean-Luc Van Den Heede, mkulu wa zaka 73 nthawi imeneyo. Mu November 2018 asanafike Cape Horn, kumapeto kwa South America, funde linagwetsa boti lawo Matmut, mlongoti sunagwe koma bawuti yomwe imagwira mawaya ammunsi inang'amba aluminiyamu nkutsika pafupifupi masentimita 5, mawaya nkukhala lendelende. Bawuti imodzi, abale. Poyamba anaganiza zokhotera ku Chile, kenako anasintha maganizo, anakwera mlongotiwo kangapo ali okhaokha nyanja ikuwinduka, kumanga ndi zingwe kuti bawutiyo isatsikenso, nkumayenda ndi mathanga ochepa osaukakamiza. Anafika ku France mu January 2019 atatha masiku 211, ali oyamba.

Mpikisano wotsatira wa 2022 ananyamuka 16, omaliza osaima anali 3. Simon Curwen amatsogola bwinobwino, kachida kowongolera boti ndi mphepo kanathyoka, basi anakaima ku Chile. Amene anatenga chikho ndi mayi wa ku South Africa, Kirsten Neuschäfer, pa boti lolemera lotchedwa Minnehaha lomwe anakhala nthawi yaitali akulikonza ku Prince Edward Island ku Canada asananyamuke. Mu November 2022 anapatuka panjira kukavuula mnzake wa mumpikisano Tapio Lehtinen wa ku Finland, boti lake litamira mu Indian Ocean, nkubwereranso mumpikisano, ndipo anafika pa 27 April 2023 mlongoti uli chiimire, mkazi woyamba kupambana mpikisano wozungulira dziko ali yekha.

Vidiyo ikubwerayi tiona keel payokha, mabawuti omwe amaigwira ndi zomwe zimachitika ikathothoka boti lili pakati pa nyanja. Ngati alipo mwa inu amene anakwerapo boti la thanga pa nyanja yathu mwera ukuwomba, tandiuzeni mmunsimu momwe zinalili, ndikufuna ndimve. Tionana.