Makalata Anu pa Zimbale za Indie Rock za 2023

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu usiku uno, kaya muli pakhonde kudikira kuti mvula ikate, kaya muli pa ntchito ya usiku. Sabata yatha ndinakuwerengerani zimbale zisanu za indie rock zimene zandigwira mtima m'chaka cha 2023, ndipo makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp angoti mbwee. Kwa amene munaphonya, pa nambala 5 ndinaika This Stupid World cha Yo La Tengo, pa 4 Javelin cha Sufjan Stevens, pa 3 Heavy Heavy cha Young Fathers, pa 2 Rat Saw God cha Wednesday, ndipo pamwamba pa zonse panakhala Zango cha gulu la ku Zambia la WITCH. Tiyeni timve zimene mwalemba.

Yoyamba yachokera kwa achemwali athu ena ku Zomba.

"Aulutsi, ndine wophunzira ndipo pulogalamu yanu sindiiphonya, koma sabata yathayi mwandikhumudwitsa. Chaka chonse anthu akhala akukamba za chimbale chotchedwa the record cha gulu la boygenius. Ku Britain chinafika pa nambala 1, ndipo chinalowa m'gulu la zimbale zopikisana pa mphoto yaikulu ya Grammy. Inu simunachitchule n'komwe. Kapena n'chifukwa choti oimbawo ndi atsikana okhaokha?"

Zikomo achemwali. Ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa ndi lolemera. Ayi ndithu. Gulu la Wednesday limene lili pa nambala 2 amalitsogolera ndi mayi, Karly Hartzman, ndipo nyimbozo amalemba ndi iyeyo. Ku Yo La Tengo, Georgia Hubley wakhala pa ng'oma kuyambira pamene gululi linayamba mu 1984. Ndipo oimba a boygenius, Julien Baker, Phoebe Bridgers ndi Lucy Dacus, ndi akatswiri enieni. Mawu awo atatu akakumana, thupi limachita tsemwe.

Zifukwa zanga ndi ziwiri. Choyamba ndi khutu langa: nyimbo zoyambirira za chimbalechi ndi zamphamvu, koma chikamapita kumapeto chimandizizirira. Chachiwiri ndi kumene mtundu wa nyimbozi unachokera. Mu 1977 anyamata a Buzzcocks ku Manchester anabwereka ndalama kwa abale ndi abwenzi n'kudzitulutsira okha kachimbale kawo koyamba. Ku London, sitolo ya zimbale ya Rough Trade inayamba kutulutsa nyimbo za oimba mu 1978, ndipo ku America kunabwera Matador ndi Merge mu 1989. Onsewa anali makampani ang'onoang'ono osadalira zimphona za malonda a nyimbo. Kachimbale koyamba ka boygenius ka 2018 kanatuluka ku Matador, koma the record chatuluka ku Interscope, yomwe ili pansi pa Universal, kampani yaikulu kuposa ina iliyonse ya nyimbo padziko. Kumeneko si kulakwa, woimba naye afunika kudya. Koma malo ndinali nawo asanu okha, ndipo atsikanawa ali kale ndi owalengezera ambiri.

Tsopano imvani iyi, yochokera kwa achimwene ku Johannesburg.

"Achimwene, ndimakumverani pa intaneti ndikaweruka. Zango ndachimvera, n'chabwino, koma tisanamizane. Mwachiika pamwamba chifukwa ndi anansi athu. Komanso imeneyi ndi Zamrock, si indie rock. Kumeneko ndi kukondera."

Achimwene, mwalankhula mosapsatira ndipo ndakondwa, chifukwa funso limeneli ndinkaliyembekezera. Pa nkhani ya mtundu wa nyimbo, Zango chatuluka mu Juni kudzera ku Desert Daze Sound mogwirizana ndi Partisan Records, kampani yoima payokha imene chaka chomwechi yatulutsanso chimbale cha PJ Harvey. Ndi gulu la magitala, besi, ng'oma ndi kiyibodi, loimba zimene likufuna popanda bwana wa malonda woliuza chochita. Ngati zimenezi sizikwanira kulowa pakhomo la indie rock, ndiye kuti khomolo lili ndi mlonda woyang'ana pasipoti, ndipo ine zimenezo sindingavomere.

Mbiri yawo muyenera kuidziwa. WITCH inayambira ku Kitwe, ku migodi ya kopa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Nthawi imeneyo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, ndipo magulu a achinyamata oimba rock ya ku Zambia, yotchedwa Zamrock, anaphuka paliponse. Mu 1975 WITCH inatulutsa Lazy Bones!!, chimbale chimene mpaka lero osonkhanitsa zimbale zakale amachisakasaka. Kenako mtengo wa kopa unagwa, anthu anasowa ndalama zolowera ku madansi, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Mwa onse amene anayambitsa WITCH, watsala ndi Emmanuel "Jagari" Chanda yekha. Bambo ameneyu anakhalapo mphunzitsi, kenako anakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Dziko linawakumbukiranso pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo zawo zakale mu 2012. Zango ndi chimbale chawo choyamba chatsopano kuchokera mu 1984. Pakati pake panadutsa zaka 39.

Koma chisoni pachokha sichiika chimbale pa nambala 1. Magulu ambiri akale akabwerera amangobwereza zimene ankachita, mphamvu zitatha. Zango sichili choncho. Anakachijambulira ku DB Studios ku Lusaka, situdiyo yomwe inajambula Lazy Bones!!, ndipo Jagari ndi Patrick Mwondela, woimba kiyibodi wa WITCH ya m'zaka za m'ma 1980, anakhala pamodzi ndi oimba achichepere monga Jacco Gardner wa ku Netherlands amene akuimba besi. Sampa the Great, mwana wa ku Zambia komweko, alimo m'nyimbo ya Avalanche of Love. Gitala wa m'chimbalechi ndi waukali, wokhakhala, koma pansi pake ng'oma zikuyenda mwa kwathu kuno, moti phazi limayamba lokha kugunda pansi. Ndi chimbale chokhacho pa zisanuzi chimene chimandivinitsa ndi kundiganizitsa nthawi imodzi, ndipo ndi chimene ndabwererako kwambiri chaka chino. Chikanachokera ku Glasgow kapena ku Chicago, ndikanachiika pomwepo.

Ndisanachoke pa nkhaniyi, pali kalata yolembedwa pamanja yochokera kwa agogo ku Chipata.

"Mwana wanga, ndinagwira ntchito ku migodi ku Kitwe ndili mnyamata. Malipiro akatuluka, tinkapatula kangachepe kogulira mbale ya galamafoni ndi kolowera ku dansi. Ine ndinkayesa kuti anyamata onse aja anatha. Mdzukulu wanga atandiyatsira pulogalamu yako, ndinamva mawu a Jagari ndipo ndinawazindikira asanatchulidwe dzina. Usaiwalenso Paul Ngozi ndi Amanaz, nawonso anali amuna."

Agogo, ndawerenga kalata yanu ndi ulemu wonse. Paul Ngozi anatisiya mu 1989, koma nyimbo za Ngozi Family zikumvekabe, ndipo achinyamata a kunja akuzitulukira tsopano. Za Amanaz ndili ndi uthenga umene ukusangalatseni: Keith Kabwe, woimba wa gulu limenelo, nayenso waimba nawo mu Zango. Mumuuze mdzukuluyo akuyatsireni chimbale chonse, osati nyimbo imodzi yokha. M'mwezi wa Januwale tidzapatula pulogalamu yathunthu ya Zamrock, ndipo ndikupemphani mutilemberenso zimene mukukumbukira za madansi a ku Kitwe.

Bambo ena ku Kasungu sanakondwe konse.

"Aulutsi, nyimbo ya Wednesday imene munaika ija ndi phokoso lokhalokha. Mtsikanayo amangokuwa ngati wapsa ndi moto. Ndinatseka wailesi. Mwati chimenecho n'chimbale chachiwiri pa chaka chonse?"

Bambo, ndakumvani, ndipo simuli nokha. Nyimbo ija ndi Bull Believer, yotalika kupitirira mphindi 8, ndipo kumapeto kwake Karly Hartzman amakuwadi mpaka mawu kusweka. Koma taganizani za pamaliro. Mayi akamalira mwana wake mofuula, palibe amene amati walakwitsa chuni. Kukuwa kuja kumabwera pambuyo pa mphindi zingapo zodziletsa, ndipo kukafika kumakhala kuti palibenso njira ina yonenera zimene zili mumtima.

Gululi ndi la ku Asheville, m'mapiri a North Carolina, ndipo Hartzman amalemba za moyo wa m'matauni ang'onoang'ono a kumwera kwa America: achinyamata osowa chochita, mankhwala ozunguza bongo, ngozi za pamsewu, apolisi kubwera kwa oyandikana nawo, Sande sukulu m'mawa mwake. Salalikira, saweruza munthu, amangokuonetsani zinthu mmene zilili. Chimene chimandikoka kwambiri ndi gitala wogoneka uja wa Xandy Chelmis, wolira mokoka ngati wa m'nyimbo za country zimene ambiri a ife tinakulira pa wailesi, atasakanizidwa ndi magitala aukali a MJ Lenderman ndi Hartzman mwini. Ndikupempheni chinthu chimodzi, bambo. Yambirani pa Chosen to Deserve. Imeneyo ndi yofatsa, ndipo ngati mumakonda country mudzapezamo kwanu.

Uthenga wachidule wochokera kwa achemwali ku Glasgow ukuti: "Zikomo potchula Young Fathers, kuno ku Scotland ndi onyaditsa." Zoonadi achemwali. Anyamata atatu a ku Edinburgh amenewa, mmodzi wobadwira ku Liberia, wina wa makolo a ku Nigeria, anapata mphoto ya nyimbo ya ku Britain yotchedwa Mercury mu 2014, ndipo Heavy Heavy chinasankhidwa kukhala chimbale chopambana cha chaka cha 2023 ku Scotland. N'chachifupi, chodzaza ng'oma ndi mawu oimbira pamodzi, ndipo sichitaya mphindi ngakhale imodzi.

Kalata yotsatirayi ndiiwerenge modekha. Yachokera kwa mayi ena, anamwino, ku Mzuzu.

"Aulutsi, amuna anga anamwalira chaka chino. Ndikakhala pa ntchito ya usiku odwala atagona, ndimavala mahedifoni n'kumvera Javelin. Chingerezi chake sindimva chonse, koma ndimadziwa kuti woimbayo akulira chimene ndikulira ine. Kwa ine chimenechi ndiye choyamba. Bwanji mwachiika pachinayi?"

Mayi, pepani kwambiri. Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi banja lonse. Zimene mwamva m'nyimbozo ndi zoona. Sufjan Stevens anatulutsa Javelin mu Okutobala, ndipo tsiku lomwelo analengeza kuti wachipereka pokumbukira wokondedwa wake, Evans Richardson, amene anamwalira mu Epulo. Pafupifupi milungu iwiri chimbalechi chisanatuluke, iye mwini anali atauza anthu kuti wagwidwa ndi matenda a Guillain-Barré, amene inu anamwino mukuwadziwa bwino, ndipo ankaphunziranso kuyenda. Nyimbo zake zambiri zimayamba ndi gitala mmodzi ndi mawu onong'ona, kenako zimakula mpaka kwaya ya amayi kumuzungulira. Munthu salira yekha m'chimbale chimenechi, nthawi zonse pamabwera ena omuthandiza.

Nambala 4 ija isakuvuteni, mayi. Mndandanda wanga ukungonena za mmene ine ndamvera chaka chino. Inu mwachimvera pamalo pamene ine sindinaime, ndipo pamenepo chiyenera kukhala choyamba. Mtima ukadzafuna china, yesani everything is alive cha Slowdive, gulu la ku Reading ku England limene linatha mu 1995 n'kudzakumananso mu 2014. Nachonso anachipereka kwa makolo a oimba awiri a gululo amene anamwalira mu 2020. Koma mahedifoni asalowe m'malo mwa anthu. Abale ndi anzanu a kuntchito muziwalola kukhala nanu pafupi.

Yomaliza yachokera kwa mnyamata wa ku Ndirande.

"Akulu, ine ndi anzanga atatu tili ndi kagulu ka magitala. Timayeserera m'galaja ya amalume. Anthu amati nyimbo zathu sizingagulidwe kuno. Kodi magulu amene mumaikawo amapeza bwanji ndalama? Tikaika nyimbo pa Spotify tidzalemera?"

Mphwanga, ndikuuze zoona: ayi. Spotify inafika kuno mu 2021, koma nyimbo ikamveredwa kamodzi woimba amalandira kachigawo kochepetsetsa, kosafika ngakhale senti imodzi ya ku America. Komanso kuyambira 2024, nyimbo imene sinamveredwe ka 1,000 pa chaka silandira kanthu ku kampaniyi. Magulu ambiri a indie amadalira kuimba pamaso pa anthu, kugulitsa malaya ndi zimbale, ndiponso Bandcamp, kumene womvera amagula kwa woimba mwachindunji ndipo kampaniyo imatengapo 10 mpaka 15 pa 100 iliyonse. Nakonso mu 2023 kunagwedezeka: kampani ya Epic Games inagulitsa Bandcamp kwa Songtradr ndipo pafupifupi theka la antchito anachotsedwa. Kuno kwathu, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale nsambo za gitala zinakwera mtengo.

Komabe galajayo musaipeputse. Yo La Tengo, imene ndinaiika pa nambala 5, yakhala ikuimba kuyambira 1984, ndipo This Stupid World anachijambula okha atatu, Ira Kaplan, Georgia Hubley ndi James McNew, osaitana wokonza nyimbo wakunja. Mukachimvera mumamva anthu amene akhala akumvetserana kwa nthawi yaitali, wina akayamba kupatuka anzake amadziwa kale kumene akupita. Zimenezo sizigulidwa mu situdiyo, zimabwera ndi kuyeserera. Nyimbo zanu mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, kuti zikaulutsidwa mudzalandirepo kanthu, muziimba paliponse pamene akulolani, ndipo mukajambula ziwiri zimene mukuzikhulupirira, munditumizire. Ndidzazimvera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndidzakuyankhani pa pulogalamu pompano.

Amene mwafunsa za Mitski ndi The National, makalata anu ndawasunga ndipo tidzayamba nawo sabata ya mawa. Pakali pano, agogo a ku Chipata, mdzukulu akweze wailesiyo. Nayi WITCH ndi nyimbo yawo yotchedwa Waile.