Ulendo wa ku Kumily, ndi Bodza la Tiyi Limene Landikwana

Moni nonse, takulandiraninso! Lero tili ku Kumily, katawuni ka m'mapiri m'chigawo cha Kerala, kumwera kwa India, pamalire penipeni ndi Tamil Nadu. Musachoke, pali nkhani ya tiyi imene ikundiyabwa pakamwa.

Choyamba, mayendedwe. Kuchokera mumzinda wa Kochi ndi maola anayi kapena asanu pagalimoto, msewu wake wokhotakhota. Amene mumachita chizungulire, khalani kutsogolo. Chachiwiri, mvula yamphamvu imayamba mu Juni, ambulera isatsale. Chachitatu, kakwereni boti panyanja ya Periyar, imene inabadwa atamanga damu mu 1895. Mukachita mwayi muona njovu zikumwa madzi.

Ngati mwafika pano, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Mwadina? Tiyeni.

Chachinayi, tiyi. Abale anga, pansi pa vidiyo yapita ija anthu ambirimbiri munalemba kuti tiyi wobiriwira ndi tiyi wakuda amachokera ku mitengo iwiri yosiyana. Ayi ndithu! Mtengo ndi umodzi, dzina lake Camellia sinensis. Kwerani basi mupite ku Vandiperiyar, pafupi pomwepa, mukaime m'munda. Amayi akuthyola timasamba tiwiri ndi kansonga, ndipo palibe mzere wa wakuda ndi mzere wa wobiriwira. Kusiyana kumachitikira m'fakitale. Akafuna wakuda, masamba amawayanika kuti afote, kenako makina amawatikita kapena kuwaduladula, n'kuwasiya pampweya. Mwaonapo nthochi yosenda ikuda mukaisiya pambale? Ndi zomwezo. Masamba amafiira, fungo limasintha, ndiye amawaumitsa ndi mpweya wotentha. Akafuna wobiriwira, amawatenthetsa msangamsanga akangothyola, mpweya usanawasinthe. Basi! Zimandiwawa chifukwa bodzali limabisa luso la munthu wa m'fakitale, amene amadziwa ndi mphuno komanso maso kuti masamba afika, aumitsidwe tsopano.

Inu amene mukulemba kale kuti "koma kakomedwe n'kosiyana", inde n'kosiyana, ndipo chifukwa chake ndi chomwechi. Lembanibe, ndimawerenga zonse.

Chachisanu, minda ya zonunkhiritsa. Mapiri ano amatchedwa Cardamom Hills, ndipo cardamom, chomera cha timbewu tonunkhiritsa zakudya, amamera pamthunzi, zipatso zake zili m'munsi pafupi ndi nthaka. Tsabola wakuda amayanga m'mitengo. Musanatulutse ma rupee anu, tswani kambewu kamodzi ka cardamom, mununkhize. Ngati fungo lake ndi lozilala, pitani pashopu ina.

Vidiyo ya m'fakitale ya tiyi ndaiika apa pakona, dinani muone makinawo akugwira ntchito.