Chisanu cha kuno ku Dedza ndi ife opuma ntchito

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo nonse. Ndaona ena mwafunda zitenje ziwiri, ena zipewa zafika m'makutu. Mwachita bwino. Inu muli kukhomoko, sendererani kuno, kumeneko kukulowa mphepo.

Ine ndinagwira ntchito ya unamwino mpaka zaka 60 zitakwana, kenako ndinabwerera kuno kwathu ngati ambiri a inu. Ena munali aphunzitsi, ena apolisi, ena munakalambira m'maofesi ku Lilongwe. Tili pantchito tinkalota kuti tikadzapuma tizidzadzuka dzuwa litakwera. Tsopano tikudzukadi mochedwa, koma mwezi wa June ukafika thupi limatiuza kuti tabwerera kuphiri. Tauni yathuyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pamalekezera madzi a nyanja yamchere, ndipo phiri lili kumbuyo kwathuli limapitirira mamita 2,000. N'chifukwa chake mu June ndi July usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, pomwe anzathu a ku Salima akugona ndi nsalu imodzi.

Tsiku la munthu wopuma m'nyengo ino mukulidziwa. Kudzuka, tiyi ndi mbatata yophika, kenako mpando panja kutsata dzuwa. Likasuntha, mpando nawo usuntha. Ikamakwana 5 koloko madzulo mdima wayamba, tilowa m'nyumba, titseka chitseko, titseka mawindo, ena mpaka kutseka mipata ndi nsanza. Kutsekako ndiye nkhani yanga lero.

Ndiyambe ndi mbaula. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene achipatala amautcha carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Anthu amati, "Makala ayaka bwino, utsi watha, tilowetse." Ayi amayi, utsi ukatha mpweyawo ukadalipo. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino nthawi zopitirira 200, ndiye magazi amayenda m'thupi koma alibe chimene anyamula. Munthu amayamba ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kenako tulo. Amati ndatopa, ndigone. Tulo timeneto ena sadzuka nato. Ndili pantchito ndinalandirapo agogo ndi kamdzukulu kawo atakomoka onse awiri, mbaula ili pafupi ndi mphasa. Mwanayo anatsitsimuka, agogowo ayi. Mpaka lero ndikaona makala akulowetsedwa kuchipinda mtima wanga umagunda.

Choncho otherani moto pakhonde kapena kukhitchini, chitseko chili chotsekula. Nthawi yogona, mbaula itsale panja. Ngati bedi likuzizira, thirani madzi otentha m'botolo lolimba, mutseke bwino, mukulunge ndi nsalu, muike kumapazi. Inu a shuga musamale apa, chifukwa mapazi anu ena samva kutentha, mutha kupsa osadziwa. Kwa inu sokosi ziwiri ndiye zabwino. Ndipo mukapeza munthu wafooka m'chipinda muli makala, musayambe ndi kumuthira madzi kapena kumumwetsa mkaka. Tsekulani zonse, mumutulutse panja, muthamange naye kuchipatala.

Eee, abambo akufunsa kuti nanga juzi aigula ndi chiyani, penshoni yake yomweyi. Funso labwino. Ndikudziwa kuti ndalama imatha mwezi usanafike pakati. Koma zovala zopyapyala zitatu zovala pamodzi zimasunga kutentha kuposa chijasi chimodzi, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pake ndi umene umafunditsa. Pa kaunjika gulani mu March kapena April, mitengo isanakwere. Ana akafunsa chimene angakutumizireni, musachite manyazi kunena kuti bulangete.

Tsopano za BP. Kukazizira mitsempha ya magazi imafinyika kuti thupi lisataye kutentha, ndiye magazi amathamanga kwambiri. Nyengo yomweyi ndi imene ambiri timadumpha tsiku la kuchipatala, ati kwazizira, ndipita sabata yamawa, mankhwala n'kutithera m'nyumba. Musatero. Mukaona mnzanu pakamwa papotoka, mkono umodzi walefuka, mawu sakumveka, imeneyo ndi sitiroko, si ufiti, ndipo ola lililonse lochedwa limawononga. Chibayonso kwa ife okalamba chimabwera mwakachetechete. Thupi mwina silitentha n'komwe. Mumangoona agogo akupuma mofulumira, sakudya, akuyankhula zosokonekera. Musadikire kuti kuche kawiri.

Madzi imwani ngakhale ludzu palibe, chifukwa tikamakula ludzu limachepa koma thupi limawafunabe. Ofunda ndi abwino, thobwa lilinso bwino, phala ndiye koposa. Kachasu yekha ndikukanizani. Amanamiza munthu kuti wafunda pomwe akutulutsa kutentha kwa m'kati kupita pakhungu, ndipo woledzera akagona panja mu July, m'mawa timamva zina.

Pali kutseka kwina kumene sitikukamba kawirikawiri, ndipo ine kumandiwawa kwambiri. Munthu anali hedimasitala, ana mazanamazana akumupatsa moni m'mawa uliwonse. Lero akazi ake anatisiya, ana ali ku Blantyre, wina ku Johannesburg, foni imalira Lamulungu lokha. M'dzinja amatanganidwa ndi kumunda. Koma chimanga chikalowa m'nkhokwe, chisanu n'kuyamba, alibe chomutulutsa m'nyumba. Amadzuka 10 koloko, kusamba amazengereza, kuphika nsima ya munthu mmodzi kumamulaka, amangomwa tiyi. Mawondo a nyamakazi akakhala osayenda amauma, akauma munthu amaopa kuyenda, mwendo n'kufooka, tsiku lina wagwa kubafa. Makolo anati kali kokha n'kanyama, ndipo ine ndaona ndi maso anga anthu amene sanadwale matenda aliwonse odziwika, anangozilala ngati moto wosasonkhezera.

Mankhwala ake sagulidwa. Dikirani dzuwa lifunde, cha m'ma 9 koloko, muyende mphindi 30, kaya kumsika kukaona mtengo wa kachewere, kaya kwa mnzanu. Masiku asanu pa sabata akwana. Amene muli ndi dimba, nyengo yake ndi ino: mpiru, kabichi, anyezi, nsawawa zimakonda kuzizira. Koma kumbukirani kuti usiku wopanda mitambo komanso wopanda mphepo, mpweya wozizira umatsikira kudambo, ndipo ndi kumene chisanu chimawaula masamba a tomato ndi kachewere. Mukaona nyenyezi zawala kwambiri madzulo, phimbani nazale ndi udzu. Kuthirira musalawirire m'mamawa mapazi ali m'madzi ozizira, mbewu sizithawa.

Abambo a bawo paja pansi pa mtengo, musaleke, ndipo amene sanabwere masiku awiri mukamugogodere. Amayi a banki m'khonde, a kwaya, a Mvano, chimodzimodzi. Adzukulu akamachokera kusukulu, inu aphunzitsi akale muwaitane pakhonde muwamve kuwerenga. Muthandiza mwana, nanunso tsiku lifupika.

Tisanabalalike ndapempha a sekeletale atenge pepala. Aliyense atchule munthu mmodzi wachikulire amene akugona yekha m'dera lake, tilembe dzina, tilembenso amene azikamuona m'mawa uliwonse mpaka August atatha. Mukafika muone zinthu zitatu: mbaula yagona kuti, mankhwala atsala angati, ndipo pamoto paphikidwa chiyani dzulo. Ine ndabwera ndi makina oyezera BP, ndikhala pa tebulo ili. Tiyambe ndi mzere wakutsogolowu, agogo bwerani, mukwinye dzanja la juziyo.