Makalata a Omvera: Tsiku Lopuma la Abale Athu Ogwira Ntchito Kunja

Tafika pa gawo lija la makalata, omvera athu nonse a m'chigwa cha Shire, kuyambira pa Thabwa kutsetsereka mpaka ku Marka, ndi inu amene mukutimva pa intaneti muli kutali ndi kwanu. Sabata yatha tinawerenga kalata ya mnyamata wa kwa Ngabu amene akugwira ntchito ya m'gadeni ku Cape Town. Funso lake linali lakuti tsiku lopuma ndi limodzi pa sabata, ndalama yambiri imapita kumudzi, nanga munthu angakaone chiyani, ndipo angayende bwanji osawononga, osagwa m'mavuto? Tinapempha odziwa kuti amuyankhe, ndipo makalata abwera ochuluka ndithu.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Nchalo amene amakhala ku Cape Town komweko. Akuti:

"Achimwene, muuzeni mnyamatayo ayambe ndi khadi ya basi. Mabasi a MyCiTi salandira ndalama pamanja. Agule khadi ya myconnect pa siteshoni ya Civic Centre, aikemo ndalama. Pokwera aigunditse pa kamakina ka pakhomo, potsika aigunditsenso. Akaiwala potsikapo amadulidwa ndalama yachilango, chifukwa makinawo sadziwa pomwe watsikira. Loweruka ndi Lamulungu mtengo umakhala wotsikirapo.

"Phiri la Table kulikwera wapansi salipiritsa. Nsonga yake ili mamita 1,086 kuchokera panyanja. Njira yolunjika, yovuta kusochera, ndi ya Platteklip Gorge. Akwere basi ya ku Camps Bay, atsike pa Kloof Nek, atsate msewu wa Tafelberg kudutsa pokwerera zikwepe za pachingwe mpaka pa chikwangwani cha njirayo. Ndi masitepe a miyala okhaokha, maola awiri kapena atatu kuti afike pamwamba. Mbali imeneyi inayang'ana kumpoto, dzuwa limaiwomba kwambiri ndipo mthunzi ndi wochepa, choncho ayambe 7 koloko isanakwane. Atenge madzi malita awiri, buledi kapena mbatata, chipewa, juzi, ndi nsapato zogwira, osati patapata. Foni ikhale yodzaza moto.

"Chimene chimavulaza anthu ndi nyengo. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikayamba, mtambo umaphimba phiri m'kanthawi kochepa, munthu osaona ngakhale mnzake amene ali patsogolo, pomwe m'mphepete monsemo ndi maphompho. Mphepo yomweyo ndi imene imaimitsa zikwepe. Amene anakwera modalira kuti atsika pa chikwepe amapeza atseka, miyendo italema, mdima uli pafupi. Ndiye powerengera nthawi, awerengere yotsika wapansi. Akaona mtambo wakhala kale pamwamba m'mawa, ulendo aulepheretse. Ayende anthu anayi kapena kuposa, chifukwa achifwamba amatchera woyenda yekha."

Takhuta, bambo. Pa nkhani ya juzi ndithirirepo ndemanga. Ife a kuchigwa kuno kutentha timakudziwa, Okutobala wa ku Nsanje satiopsa. Chimene thupi lathu silinazolowere ndi kuzizidwa malaya atanyowa ndi thukuta, mphepo ikuwomba pamwamba pa phiri. Mnyamata wanga, juzi ilowe m'chikwama ngakhale pansi pakhale potentha bwanji.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Makhanga, ndipo ndikupempha aliyense amene ali ndi mwana ku Cape Town, ku Durban kapena ku Gqeberha aimvetsere mofatsa, kenako akamuimbire. Mayiwa akuti:

"Anyamata a kwathu amadzidalira pamadzi chifukwa anakulira mu Shire, mu Ruo ndi m'dambo la Ndindi. Koma mtsinje umayenda mbali imodzi yooneka ndi maso. Nyanja yamchere ili ndi mkokomo wobisika. Mafunde akamakhuthulira madzi kumtunda, madziwo amafuna pobwererera, ndiye amadzitsegulira kanjira kopapatiza n'kumathamangira kuya ngati ngalande ya m'munda wa nzimbe ikatsegulidwa. Pamalo pamenepo mafunde sasweka, madzi amaoneka akuda ndi odekha, nthawi zina pamayandama thovu kapena zinyalala zolowera mkati. Mlendo amasankha pomwepo poganiza kuti mpabwino.

"Mkokomowo sumamiza munthu, umangomutengera kutali ndi gombe. Chimene chimapha ndi kulimbana nawo mpaka mphamvu kutha. Ukakukokani, gonani chagada muyandame, kwezani dzanja limodzi kuti opulumutsa akuoneni. Ngati mphamvu zilipo, sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mutatuluka m'kanjirako, kenako mafunde akuthandizeni kubwerera. Mnzanu akakokedwa musalumphiremo manjamanja. Itanani opulumutsa, m'ponyereni choyandama. M'magombe ambiri a bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI anaikamo zoyandama za pinki pa mitengo, ntchito yake ndi imeneyi.

"Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu basi. Ngati palibe mbendera, palibenso wokuyang'anirani. Musalowe ndi jinzi, ikanyowa imalemera. Mowa pagombe ndi woletsedwa, apolisi amalanda.

"Ku Camps Bay ndi ku Clifton mchenga ndi wokongola koma madzi ndi ozizira koopsa, ndipo amazizira kwambiri m'chilimwe momwemo, chifukwa mphepo imakankha madzi apamwamba n'kutulutsa a pansi pa nyanja. Miyendo imachita dzanzi msanga. Wofuna kusambira apite ku Muizenberg, mbali ya False Bay, kumene sitima yapamtunda ya ku Simon's Town imadutsa. Kumeneko kuli anthu oyang'anira shaki ali paphiri. Mukamva sayirini n'kuona mbendera yoyera yojambulidwa shaki yakuda, tulukani m'madzi. Ku Durban madzi ndi ofunda chaka chonse, koma mafunde ake ndi amphamvu. Pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale anthu amadzaza mosaneneka, ana amasowa; mwana mulembereni nambala yanu ya foni pa chibangili cha padzanja."

Mayi athu, kalata yanuyi ndaisunga, ndipo ndidzaiwerenganso Disembala akamayandikira. Palibe chinthu chowawa m'mudzi ngati kusonkherana ndalama zobweretsera maliro a mwana amene anangopita kukasangalala tsiku limodzi.

Pali funso lalifupi lochokera kwa mlongo wathu wa pa Dyeratu amene akulera ana ku Fish Hoek. Akuti anamva kuti kukaona mbalame za penguin ku Boulders ndi kupita ku Cape Point ndi kodula kwambiri kwa mlendo, kodi n'zoona?

Chemwali, n'zoona pang'ono chabe. Malo amenewa ali pansi pa SANParks, bungwe loyang'anira malo osungira zachilengedwe ku South Africa, ndipo mitengo yawo ili patatu: wa nzika ndi okhazikika a South Africa, wa anthu a m'mayiko a SADC, ndi wa alendo ochokera kutali. Malawi ali mu SADC, choncho inu mumalipira wapakatiwo, umene ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa ochokera ku Ulaya. Koma pageti amafuna umboni. Mukapanda kuonetsa pasipoti amakulipiritsani mtengo wapamwamba, ndipo kudandaula sikuthandiza. Tengani khadi ya kubanki, chifukwa mageti amenewa anasiya kulandira ndalama zapamanja. Sabata yaulere ija imene amalengeza mu Seputembala ndi ya okhala ndi chiphaso cha South Africa, musawononge thiransipoti poidalira. Ngati mwezi wathina, Company's Garden ya pakati pa tawuni ndi yaulere, ndipo kuyenda m'mphepete mwa nyanja ku Sea Point salipiritsanso.

Tipite ku Joni tsopano, kumene kuli abale athu ambiri. Wolemba ndi mkulu wina wa ku Bangula:

"Ku Johannesburg chimene chimatsekera anthu m'chipinda ndi kuopa matakisi. Komatu malamulo ake ndi ochepa. Poimitsa, chala cholozera kumwamba ndiye kuti mukupita m'tawuni. Cholozera pansi ndiye kuti mukutsika chapafupi m'dera lomwelo. Madera ena ali ndi zizindikiro zawozawo, funsani amene mwaima naye. Mulibe kondakitala. Ndalama zimasonkhanitsidwa mzere ndi mzere n'kupita kutsogolo, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerengera ndi kubweza chenji. Mlendo asakhale mpando umenewo, ndipo asatulutse R200 m'mawa. Potsika nenani mokweza kuti short left, short right, kapena after robot. Lamulungu matakisi amachepa ukamalowa usiku, ndiye nyamukani dzuwa likadalipo. Pa renki ya Noord ndi ya Bree, komanso pozungulira Park Station, foni ikhale m'thumba lakutsogolo. Mapu onerani musanatsike.

"Malo aulere alipo abwino. Zoo Lake ku Parkview, kumene mungakhale pa kapinga ndi chakudya chophika kunyumba, ndipo mukasonkherana mutha kubwereka kabwato. Munda wa zomera wa ku Emmarentia uli pafupi ndi damu. Ku Pretoria, minda ya Union Buildings ndi yotsegukira aliyense, ndipo pali chiboliboli cha Nelson Mandela cha mamita 9 chimene anachivundukula pa 16 Disembala 2013. Pitani mu Okutobala, mitengo ya jakaranda itachita maluwa. Sitima ya Gautrain ndi yachangu koma yodula, ndipo m'menemo saloleza kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu, amalipiritsa chindapusa.

"Ku Soweto pitani ndi basi ya Rea Vaya, nayonso ya khadi, kapena takisi ya pa Bree. Ku Orlando West kuli msewu wa Vilakazi, kumene kuli nyumba ya Mandela, nambala 8115, ndipo Desmond Tutu anakhalanso mumsewu womwewo. Chapafupi pali chikumbutso cha Hector Pieterson ndi ana asukulu amene anaomberedwa pa 16 Juni 1976. Kuyenda mumsewumo ndi kuima pa chikumbutsocho n'kwaulere, kulowa m'nyumba zosungiramo mbiri ndiye kolipira. Zakudya za pamenepo ndi za mtengo wa alendo, idyani musananyamuke.

"Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya ku Joni imabwera masana ndi ziphaliwali, nthawi zina ndi matalala. Mitambo ikada chokani pabwalo, pamadzi ndi pansi pa mtengo, lowani m'nyumba kapena m'galimoto.

"Za mpira: masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates pa FNB Stadium, bwalo la anthu oposa 90,000, matikiti ake amatha kukadali masiku. Gulani msanga kumalo ovomerezeka. Amene akugulitsa panja pa geti ambiri ndi abodza, kapena tikiti imodzi yagulitsidwa kwa anthu angapo, ndipo makina amalola woyamba yekha. Lowani kukadali maola awiri kapena atatu. Pa 11 Epulo 2001 pa Ellis Park panafa anthu 43 pa masewero a matimu omwewa, chifukwa chopanikizana pomwe khamu linkakakamira kulowa bwalo litadzaza kale. Mukaona pageti anthu ayamba kukankhana, bwererani m'mbuyo."

Atsibweni, mwalemba ngati mphunzitsi. Okonda Pirates kuno akumbukira kuti Gabadinho Mhango anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya 2019/20 atavala yunifolomu yakudayo, ndipo a Chiefs sangaiwale Patrick Mabedi amene anali kaputeni wawo. Mwana wa ku Malawi akalowa m'bwalo limenelo ali ndi chonyadira.

Si onse ali ku South Africa. Mbale wathu wa ku Tengani amene ali ku Beira walemba mwachidule. Akuti Lamulungu anthu amapita kugombe la Macuti, pamene pali nsanja ya nyali yowongolera zombo, ndipo chapa, minibasi ya kumeneko, imafika konko pa mtengo wochepa. Txopela, takisi ya mateyala atatu, mugwirizane mtengo musanakwere. Madzi a ku Beira amaoneka amatope chifukwa cha mitsinje ya Pungwe ndi Buzi, ndipo nyanja imaphwa kutali n'kubwerera mofulumira, choncho musapite patali pamchenga madzi akaphwa. Musajambule apolisi, asilikali kapena doko. Chisena chimamveka pamsika, simungasowe wofunsa njira. Kwa amene ali ku Mutarara, akuti kuwoloka mlatho wa Dona Ana wapansi kapena pa njinga kupita ku Sena, makilomita oposa atatu ndi theka pamwamba pa Zambezi, ndi ulendo wokwanira tsiku lopuma, bola kupita m'mawa dzuwa lisanakwiye.

Kalata yotsiriza ndi ya agogo a ku Miseu Folo. Akufunsa ngati mdzukulu wawo ku Joni angamayende m'malo onsewa popanda kumangidwa.

Agogo, yankho lili pa mapepala ake. Mmalawi akalowa m'South Africa ngati mlendo amapatsidwa masiku 30, ndipo chidindo chimenecho sichiloleza kugwira ntchito. Akapitirira masikuwo, potuluka amaletsedwa kubwereranso: chaka chimodzi ngati anapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati anaposa pamenepo. Apolisi ali ndi mphamvu yofunsa mapepala paliponse, m'takisi, paki kapena pabwalo la mpira. Ngati ake ali bwino, ayende ndi pasipoti ndi chilolezo chake m'thumba lamkati, ndipo kunyumba asiye makope odindidwa kupolisi, kumene amadinda mwaulere. Ajambulenso masamba ofunikawo n'kutumiza kwa wachibale pa WhatsApp, kuti pasipoti ikatayika akakhale ndi poyambira ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Ngati mapepala sali bwino, agogo, musamulimbikitse zoyendayenda. Mulimbikitseni akonze zimenezo kaye. Muuzeninso asunge manambala awa m'foni ndi pa kapepala: 10111 apolisi, 10177 ambulansi, ndi 112 imene imalowa pa foni yam'manja ngakhale mulibe mayunitsi.

Sabata yamawa tiwerenga makalata a amene ali ku Tete ndi ku Dar es Salaam. Amene muli kumeneko, tilembereni Lachinayi lisanafike.