Kompyuta Siwerenga Voti Yanu: Mmene Mavoti Amayendera Kumudzi, kwa Ife a ku Joni

Muli bwanji abale anga a ku Rosettenville, a ku Yeoville, a ku Mayfair, a ku Diepsloot, ndi inu amene mukuonera muli mu takisi pochokera ku ntchito. Musasunthe, chifukwa lero tithana ndi bodza limodzi limene landikwana, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munalitumizapo pa gulu la WhatsApp la kwanu.

Loweruka lapitali ndinali kometetsa ku Yeoville. Bambo ena achikulire, amene akhala kuno zaka zoposa makumi awiri, anatsegula voice note mokweza. Munthu wosadziwika, akulankhula motsitsa ngati akuulula chinsinsi cha kudambwe: mavoti a ku Malawi amawerengedwa ndi kompyuta, amene ali ndi pasiwedi ndiye amasankha pulezidenti, kuvota n'kutaya nthawi. Bambowo anapukusa mutu, ndipo ometa asanawachotse nsalu pakhosi anali atautumiza kale uthengawo kwa ana awo ku Mangochi. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, munaonapo ndi maso anu mavoti akuwerengedwa?" Anati ayi. Anavota kamodzi kokha, mu 1994.

Ndiye tiyeni tilondole voti kuchokera m'manja mwa munthu kufika pamene amalengeza wopambana.

Choyamba, mbiri, mwachangu. Pa 14 June 1993 kunali referendamu: nyali ya matipate kapena tambala wakuda wa chipani chimodzi. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Pa 17 May 1994 a Bakili Muluzi anagonjetsa a Kamuzu Banda. Kuyambira pamenepo mpaka lero, voti ya Mmalawi ndi pepala. Sungani mawu amenewo.

Chachiwiri, kalembera. Apa ndiye pamene makina alipodi. Chiyambire kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika mu 2017, polembetsa m'kaundula wa voti umaonetsa chiphaso chako, makina amakuzindikira, dzina lako likulowa. Pa chisankho cha pa 16 September 2025 analembetsa anthu pafupifupi 7.2 miliyoni. Ndipo ndinenerepo pompano, chifukwa mumandifunsa sabata iliyonse: ayi, kuno ku Joni sitivota pa chisankho cha ku Malawi. Ku ofesi ya kazembe ku Pretoria kulibe bokosi, pa foni palibe povotera. Ukafuna kuvota umakwera basi pa Park Station, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, mpaka Mwanza kapena Dedza, nthawi ya kalembera, kenako n'kudzabweranso tsiku lovota. Wina akakutumizirani link yoti mulembe nambala ya chiphaso chanu kuti muvote muli kuno, ameneyo akufuna chiphaso chanucho, osati voti yanu.

Tisanapite pa chachitatu, dinani batani lofiira lija ndi kabelu kake. Ambiri a inu mumaonera mavidiyo onse koma simunalembetse pa tchanelo chino, ndimaona pa manambala. Sizidya data yanu, koma zimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa achimwene amene ali ku famu ku Limpopo.

Chachitatu. Khalani pansi, chifukwa ndi chimene ndajambulira vidiyoyi.

Nthawi yovota ikatha, bokosi silipita kulikonse. Limatsegulidwa pomwepo, m'kalasi momwe munavoteramo. Azakhali anga anali monita wa chipani pa sukulu ya pulayimale ya kwathu mu 2020, ndipo anandifotokozera okha. Mabenchi a ana anakankhiridwa kukhoma, mapepala anakhuthulidwa patebulo, kutada anayatsa nyali ndi matochi a mafoni. Woyang'anira malowo amanyamula pepala limodzi limodzi, kulionetsa m'mwamba kuti monita aliyense aone pamene munthu wachonga, kenako kuliika pa mulu wa mwini wake. Pepala limene wina anachonga pawiri anakanganirana mphindi zingapo asanagwirizane kuti ndi voti yowonongeka. Atatha, manambala analembedwa ndi cholembera pa fomu ya zotsatira, mamonita anasainira, aliyense n'kutenga kope yake. Azakhali anafika kunyumba usiku kwambiri ndi pepala lawolo atalipinda m'chikwama.

Ndiuzeni, kompyuta yawerenga chiyani pamenepa?

Ntchito ya makina imabwera pambuyo: kutumiza manambala amene awerengedwa kale ndi manja, ndi kuwaphatikiza. Makina ndi mtengatenga. Ndipo mtengatenga akanama, amagwidwa ndi chiyani? Ndi pepala lija la m'chikwama.

Mukuti ndikungolankhula? Kumbukirani 2019. Pa 21 May tinavota. MEC, bungwe loyendetsa zisankho, pansi pa mayi Jane Ansah, inalengeza ku COMESA Hall ku Blantyre kuti a Peter Mutharika apeza 38.6 pa 100 aliyense, a Lazarus Chakwera 35.4, malemu a Saulos Chilima 20.2. Kusiyana kwa awiri oyambawo kunali mavoti pafupifupi 159,000. Madando anachuluka, misewu inadzaza ndi zionetsero miyezi ingapo, nkhani inapita ku khoti. Kodi dziko lonse lapansi linachitcha chiyani chisankho chimenechi? Chisankho cha Tipp-Ex. Utoto woyera wofufutira, umene mwana wa Form 1 amakhala nawo m'chikwama. Munthu ankafufuta nambala pa fomu n'kulembapo ina. Panali mafomu a dupuliketi m'malo mwa enieni, panali mafomu opanda siginecha. Zoona, panabweranso katswiri wa makompyuta amene anaonetsa khoti zofooka za makina a zotsatira, sindikubisa zimenezo. Koma chimene majaji anatha kuchigwira m'manja, kuchitembenuza, kuchiyerekeza ndi makope a mamonita, chinali pepala.

Pa 3 February 2020 majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, anawerenga chigamulo chawo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ndimakumbukira tsikulo bwino lomwe. Tinali anthu asanu ndi mmodzi m'kachipinda ku Turffontein, tazungulira foni imodzi ikuulutsa wailesi ya kumudzi kudzera pa Facebook, nsima itazizira m'mbale. Majajiwo anafafaniza chisankho cha pulezidenti, analamula kuti chachibwereza chichitike pasanathe masiku 150, ndipo anamasulira kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ija timati 50+1. Khoti la Supreme linavomereza mu May. Pa 23 June 2020 anthu anavotanso, a Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100. Mu Africa muno dziko limene linayamba kufafaniza chisankho cha pulezidenti kudzera m'khoti ndi Kenya mu 2017. Ife tinali achiwiri, ndipo kwathu otsutsa anapambana pa chibwerezacho. Majaji aja anapatsidwa mphoto ya Chatham House chaka chomwecho.

Tsono taganizani. Chikanakhala kuti voti imangolowa mu kompyuta n'kusowa, majajiwo akanawerenga chiyani?

Wina alemba m'munsimu kuti, "Nanga Smartmatic?" Lembani, ndimawerenga zonse. Chisankho cha 2025 chisanafike, zipani zotsutsa, kuphatikizapo DPP, zinakana kwamtuwagalu makina a kampani imeneyi, zinkaopa kuti boma liberapo. Kufunsa mafunso otere n'koyenera, ndipo ine ndikanakonda kuti akatswiri odziimira paokha aziunika makina a zisankho nthawi zonse. Koma mavoti anawerengedwabe ndi manja pamalo ovotera. MEC, pansi pa mayi Annabel Mtalimanja, inadya masiku onse asanu ndi atatu amene lamulo limapereka, anthu akudandaula kuti ikuchedwa, iyo ikuunika mafomu ku BICC ku Lilongwe. Pa 24 September inalengeza: a Mutharika 56.8 pa 100, a Chakwera 33. Amene anali pampando anagonja, ndipo anavomereza kugonja MEC isanalengeze n'komwe. Maulendo awiri otsatizana, 2020 ndi 2025, Amalawi achotsa pulezidenti wolamula ndi pepala ndi cholembera. Ndiye munthu wa voice note uja akuti kuvota n'kutaya nthawi? Zimandiwawa, abale, chifukwa amene amakhulupirira n'kukhala pakhomo ndi amayi athu omwe, amene mtengo wa feteleza umawakhudza kuposa wina aliyense.

Ndipo musayang'ane kutali. Kuno komwe, pa 29 May 2024, munaona mizere ya anzathu eni dziko mpaka usiku, kwina chifukwa timakina toyang'anira mayina tinkavuta. Mavoti anawerengedwa ndi manja, bungwe lawo la zisankho la IEC limamata pepala la zotsatira pakhomo la malo ovotera. Patapita masiku awiri, bolodi la zotsatira ku Gallagher ku Midrand linazima kwa pafupifupi maola awiri, anthu anayamba kukuwa kuti abera. Koma mapepala osainidwa analipo, zipani zinali ndi makope awo. ANC inatsika kufika pa 40 pa 100, kutaya mphamvu zolamulira yokha koyamba chiyambire 1994.

Chachinayi, chachifupi. Ife sitivota, koma ndife timatumiza ndalama pa Mukuru, ndife tinagula mafoni ambiri amene ali kumudzi, ndipo tikalankhula pa gulu la banja amatimvera chifukwa akuti a ku Joni amadziwa zinthu. Voice note yopanda dzina ikafika, funsani wotumizayo kuti akulankhulayo ndani, ali kuti, wazitenga kuti. Akalephera kuyankha, ithere pa foni yanu. Ndipo chisankho china chikadzafika, ngakhale chapadera cha khansala, muuzeni mng'ono wanu akajambule fomu ya zotsatira ya pa sukulu ya kwanu mamonita akasainira, akutumizireni, mudzayerekeze nokha ndi zimene MEC idzalengeze.

Bambo a kometetsa aja ndawalonjeza kuti ndiwatumizira vidiyoyi. Ngati mukuonera, bambo, itumizeni ku Mangochi komwe kunapita voice note ija.

Lamulungu 8 koloko usiku tili live, nkhani yake ndi yoti kodi Amalawi okhala kunja aloledwe kuvota, monga mmene anzathu a ku South Africa amavotera ku maofesi a akazembe awo. Ine maganizo anga ndili nawo kale, ndikufuna kumva anu. Lembani m'munsimu dera limene mukuonera ndi boma la kwanu. Sabata yamawa tikamba za Clements Kadalie, mnyamata wa ku Nkhata Bay amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, makolo athu ambiri asanakwere n'komwe ndege za Wenela.