Kunja Kwachanso: Nyimbo ya Munthu Amene Anadwalapo TB

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo anga mwa Ambuye? Ine ndadzuka, kaya inu kumeneko.

Mawu athu m'mawa uno achokera pa Maliro 3:22-23, pamene mneneri akuti chifundo cha Yehova sichitha, chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse. Musaiwale kuti amene akulankhula chonchiyu wakhala pa mabwinja. Yerusalemu wagwa, kachisi wapsa, anthu atengedwa ukapolo kupita ku Babulo. Komabe kutacha, iye akudzutsa mutu n'kuona kuti chifundo chija chabweranso.

Lero ndadzuka tambala woyamba asanalire, ndipo poyembekezera kuti madzi afunde pa mbaula ndinatsegula chimbale chimene ndakhala ndikuchikonda kwa zaka zambiri. Ndi cha Cat Stevens, woyimba wa ku London, dzina lake Teaser and the Firecat, chinatuluka mu 1971. Ena mudabwa kuti pa mawu a m'mawa tikutchula woyimba wa gitala wa ku Mangalande. Dekhani pang'ono, mundimvetsa.

Chimbalechi ndinachidziwira kwa malemu malume anga, amene anali nacho pa kaseti. Ndili mwana sindinkamva Chingerezi chake, chimene chinkandikoka ndi kufatsa kwake. Magitala awiri akuyankhizana, wina wa mwini wake, wina wa mnzake Alun Davies, ng'oma zosasokosera, mawu a munthu woyimba ngati wakhala nawe pa mphasa imodzi. Muli nyimbo khumi zokha, ndipo pakangopitirira theka la ola chimbale chatha. Ngakhale chithunzi cha pachikuto, kamnyamata ka chipewa chachitali ndi mphaka wake, anajambula yekha. Ambiri amakonda Moonshadow ndi Peace Train, inenso ndimazikonda. Koma imene imandiimitsa ntchito ndi Morning Has Broken.

Nyimbo imeneyi si yake ayi. Ndi ya m'tchalitchi. Mawu ake analemba ndi mayi wina wa ku England, Eleanor Farjeon, wodziwika ndi nthano za ana, ndipo inasindikizidwa mu 1931 m'buku la nyimbo lotchedwa Songs of Praise. Okonza bukulo ankafuna nyimbo yothokoza Mulungu chifukwa cha tsiku lililonse, ndiye anam'pempha mayiyo. Mayimbidwe ake ndi akale kuposa pamenepo, ochokera ku Scotland, ndipo amatchedwa Bunessan, dzina la kamudzi ka pa chilumba cha Mull. Kumeneko ankayimbira nyimbo ya Khirisimasi m'chinenero chawo. Cat Stevens amafotokoza kuti anaipeza akutsegula buku la nyimbo za m'tchalitchi, nthawi imene ankasowa nyimbo zoti zikwanire pa chimbale. Zimene imanena n'zophweka zedi. Kwacha ngati tsiku loyamba lija, mbalame yalira, mvula yagwa, mame ali pa udzu, ndiye titamande Mlengi.

Cat Stevens, amene dzina lake la kubadwa ndi Steven Georgiou, anabadwa mu 1948, bambo ake Mgiriki wa ku Cyprus, mayi ake a ku Sweden, ndipo banjalo linkayendetsa malo odyera pakati pa London. Asanakwanitse zaka 20 anali atatchuka kale, nyimbo zake zikumveka pa wayilesi, moyo ukuthamanga. Koma paja chakudza sichiyimba ng'oma. Anadwala chifuwa chachikulu cha TB, mpaka phapo limodzi linafooka, ndipo anakagonekedwa miyezi ingapo m'chipatala ku Midhurst, tauni ya ku England. Atatuluka anakhalanso nthawi yaitali kunyumba akuchira. Pa nthawi imeneyo analemba nyimbo zambirimbiri, ndipo amene anabwerera ku situdiyo mu 1970 sanalinso mnyamata wa phokoso uja. Mawu anali atatsika, mafunso atachuluka.

Apa ndi pamene chimbalechi chimandikhudza, chifukwa TB inenso ndinadwalapo. Amene munadutsamo mukudziwa. Kutuluka thukuta usiku mpaka chofunda kunyowa, kutsokomola kosalekeza, thalauza kuyamba kuvuka lokha. Kupereka makhololo kuchipatala, kudikira zotsatira, kenako miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala tsiku ndi tsiku, mkodzo kufiira mpaka kuchita mantha ngakhale anamwino anakuchenjeza kale. Koma chowawa kuposa zonsezi chinali usiku. Usiku wa munthu wodwala sutha. Anthu onse agona, iwe uli maso, ukuwerenga mpweya wako, kulowa, kutuluka, osadziwa ngati wotsatirawo ubwera. Ndinkayang'anitsitsa kampata ka pansi pa chitseko kudikira kuti payere. Pakangoyera, ndikamva mpheta pa denga ndi tsache la mayi anga panja, mtima unkakhala pansi. Ndinali ndisanachire ayi, chifuwa chinali chomwecho. Koma kunali kutacha, ndipo ine ndinalipo.

Ndiye ndikamamva Cat Stevens akuyimba nyimbo ya kucha ija, ndimamva munthu amene amadziwa mtengo wa mpweya. Sayimba mokuwa. Amayamba motsitsa, ngati akuopa kudzutsa wina m'chipinda, ndipo mawu akuti kutamanda akamafika amawatulutsa ndi chifuwa chonse, chifuwa chomwe chija chinatsala pang'ono kumupha. Kwaya ingayimbe nyimbo yomweyi bwino kuposa iye, sindikukana. Koma ine ndimakhulupirira uyu.

Genesis 2:7 akuti Mulungu anauzira mpweya wa moyo m'mphuno mwa munthu. Timawerenga ngati nkhani ya Adamu yekha, yochitika kamodzi kalekale. Munthu amene anagonapo ndi mapapo odwala amadziwa kuti kuuzirako sikunaleke. Usiku wathawu, inu muli m'tulo osadziwa kanthu, wina anali kukupumitsani. Simunalipire, simunapemphe, mwina munagona musanapemphere n'komwe chifukwa cha kutopa. Ena munagona ndi ngongole, ena ndi mkwiyo pa mwamuna kapena mkazi wanu, ena ndi mwana wotentha thupi pambali. Zonsezo mwadzuka nazo, sindikunamizani kuti zachoka. Mneneri wa Maliro uja nayenso anadzuka mabwinja ali pomwepo. Chatsopano chinali chifundo, ndipo chinam'kwanira tsiku limenelo, monga mana m'chipululu ankatoledwa m'mawa uliwonse, osasungira mawa.

Pali chinthu chinanso. Limba lokoma la piyano, limene limatsegula nyimboyi n'kumabwereranso pakati pa mavesi, ankaliza ndi Rick Wakeman, amene chaka chomwecho analowa gulu loyimba lotchedwa Yes. Dzina lake silinalembedwe pa chimbalecho pamene chinatuluka. Anthu miyandamiyanda anakonda manja ake osadziwa kuti ndi a yani. Ndikamamva limbalo ndimakumbukira mayi anga akundiphikira phala m'bandakucha kuti mankhwala asandizunguze, ndi amayi onse ogona pansi pa simenti m'zipatala kudikirira odwala awo. Kucha kwanu kwa lero kuli ndi manja a wina m'kati mwake. Ngati mukum'dziwa, muimbireni foni tsiku lisanapite patali.

Ndikudziwa kuti wina andilembera kuti, koma achimwene, munthu ameneyu analowa Chisilamu. N'zoona, analowa mu 1977, n'kutenga dzina loti Yusuf Islam, ndipo anasiya kuyimba nyimbo za mtundu umenewu kwa zaka zambiri asanabwererenso. Ine sindine woweruza wa mtima wake. Ndili ndi anansi Achisilamu amene amadzuka kukapemphera ine ndikadafunda, ndipo ndimawalemekeza. Chimene ndikudziwa n'chakuti nyimbo imene inalembedwera ana ndi akhristu a m'mabenchi a ku England inatuluka m'buku, n'kumveka pa mawayilesi a dziko lonse mu 1972, mpaka inadzafika pa kaseti ya malume anga, n'kudzandipeza ine pa mphasa ya matenda. Mulungu anasankha yekha m'kamwa moidutsitsamo.

Madzi anga afunda kale, tiyi akudikira, ndipo ena mukuthamangira minibasi. Musanatuluke, imani pakhomo, kokani mpweya kamodzi mokwanira, kenako tipemphere limodzi.

Atate wathu, zikomo kuti kwachanso. Zikomo chifukwa cha mpweya umene simunatimane usiku wonse. Tikukumbukira amene ali m'mawodi a TB m'mawa uno, amene ayamba kumene mankhwala ndi amene atopa nawo pakati pa njira. Apatseni mphamvu kuti amalize. Kumbukirani owadikirira, anamwino amene achezera, ndi aliyense amene wayang'ana pansi pa chitseko usiku wonse kudikira kuti payere. Tiperekezeni kumene tikupita, mutibweze madzulo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.