Yambirani pomwe mwana waima

Zikomo amfumu, a komiti ya sukulu, makolo anzanga nonse. Amayi akumbuyoko, mukundimva?

Chatisonkhanitsa ndi nkhani ya sabata yathayi. Mnyamata wa Sitandade 5 anasowa masiku atatu, makolo ake osagona tulo, mpaka anakapezeka ku Chia akuthandiza asodzi kukoka khoka. Atafunsidwa anati watopa kusekedwa m'kalasi. Ndinamuitana payekha, ndikumulembera mawu akuti "nsomba". Anayang'ana, kuyang'ananso, thukuta kamukamu. Nsomba amazidziwa mitundu yonse, koma pabolodi sanaizindikire. Mwanayu si mbuli ayi. Silabasi inkathamanga, ife ndikumusiya panjira.

Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994, makalasi athu amadzaza. Mphunzitsi amayenda ndi ana amene akutsatira, otsalawo amangokopera zapabolodi, kope looneka bwino koma osatha kuwerenga zomwe alemba. Ku India, bungwe la Pratham linayesa njira ina: kumuyesa mwana aliyense payekha, kenako kuwagawa m'magulu potengera zomwe akudziwa, osati kalasi yomwe ali. Osadziwa malembo gulu lawo, ofika pa maphatikizo gulu lawo, owerenga ziganizo gulu lawo. Ofufuza atayeza anapeza kuti ana otsalira amasintha mwachangu, ndipo anzathu a ku Zambia anaitengera. Yambirani pomwe mwana waima, makolo anzanga, osati pomwe buku lafika.

(Bambo wina: "Aphunzitsi, ife tinkakwapulidwa, ndipo tinaphunzira!")

Zikomo bambo, mwalankhulira ambiri. Koma tawerengani amene munayamba nawo Sitandade 1. Anafika mu 8 ndi angati? Enawo chikwapu chinawathamangitsa, lero ali kunyanja ndi m'minda ya mpunga, kalata akuchita kuwerengeredwa. Mwana wamantha amayang'ana dzanja lanu, osati chilembo. Ndipo inuyo pophunzitsa mwana wanu kusoka ukonde mumatani? Mumayamba mwasoka iye akuonerera, kenako mumasokera limodzi mutamugwira dzanja, pomaliza mumamusiya yekha. Akalakwitsa mfundo mumamasula pomwepo, simudikira kuti ukonde wonse uthe. National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsira ana kuwerenga imene inayamba mu 2016, imatiphunzitsa zomwezo: ndichite ine, tichitire limodzi, uchite wekha. Nzeruyi muli nayo kale kugombe, bwanji ikafika pa buku mumatola ndodo? Ndi inunso amayi, mawu aja oti "mutu wako ngwouma ngati wa malume ako", mwana amawasunga mumtima. Tiwasiye.

Ndaona dzuwa lakwera, ena mukuganiza za kondowole, ndiye ndifulumire. Mphindi 15 zowerenga ndi mwana kunyumba tsiku lililonse zimaposa maola awiri Loweruka lokha. Akawerenga, tsekani bukulo afotokoze zomwe wamva, mawa mumufunsenso, chifukwa kukumbukira n'kumene kumakhazikitsa zinthu m'mutu. Ngati inu simudziwa kuwerenga, khalani naye pamphasa mumvetsere, kapena atchule malembo a papaketi ya shuga. Amene amatsinzinira poyang'ana bolodi kapena samva mukamuitana, pitani naye kuchipatala, mwina vuto ndi maso kapena makutu. Ndibwerezenso: yambirani pomwe mwana waima.

Magulu athu ophunzira kuwerenga ayamba Lachiwiri ana akaweruka, pansi pa mtengo wa mango uwu. Mnyamata uja ndamulemba kale. A komiti, tengani kope mulembe mayina a enawo makolo asanabalalike.